Wati Munda wa Apongozi Si Wako

Boni mwana wanga,

Ndalemba chifukwa kulankhula nawe kwandikanika. Sabata yonseyi ndikangoti "Boni, takhala pansi," iwe uli kale pa mota, njinga yamoto yako ija, kapena telefone ili kukhutu, kapena ukundiyankha kuti "ndamva, mama" ndisanamalize n'komwe zimene ndimati ndinene. Wamva chiyani? Masana ano wapita ku Malowera kukameta, wati ubwera msanga, koma ndikudziwa kuti ufika dzuwa litapendeka, anzako ali pambuyo, ndipo sindikupezanso pawekha. Ndiye ndabwereka kaneta yolembera kwa mlongo wako, ndang'amba mapepala pakati pa kaderno yake ya kusukulu, ndakhala pansi pa mango. Zilembo zanga ndi zomwe ndinaphunzira ku Zambia tili othawa nkhondo. Zimapendama, koma zimawerengeka. Usadzandiuze kuti sizikuoneka.

Mawa ukupita ku Chiputo kukakhala kwa akazi ako. Tereza ndamuona, ndi mwana wabwino, ndipo manja ake ndi a munthu wodziwa khasu. Za m'nyumba sindilemba, ankhoswe akuuza kale, kutchalitchi akuuzanso. Chimene chandikhazika pansi ndi mawu amene unanena dzulo tikudya. Mlongo wako anakufunsa kuti munda wa apongozi ako uli potani, iwe n'kuti, "Aa, kaya, uli paphiri penapake. Si wanga uja. Ine ndizingolima pomwe andionetse, zikakanika ndipita ku Fingowe kukakumba golide." Unanena ukuseka, chakudya chili m'kamwa. Abambo ako anangoweramira m'mbale. Ine ndinadzuka kukatenga madzi amene sindimawafuna, kuopa kukugenda ndi chipande.

"Si wanga uja." Mawu amenewo si iwe woyamba kuwanena pakhomo pano. Ukuganiza kuti abambo ako anaweramira m'mbale chifukwa chiyani? Nawonso ndi mkamwini, monga mmene ukakhalire iwe ku Chiputo. Tinadziwana ku Zambia, ndipo nkhondo itatha anabwera nane kuno kwathu. Tinapeza minda ya amayi anga itasanduka thengo, mitengo itanenepa ngati ntchafu ya munthu. Nthaka inali itapuma zaka zonse zija, yakuda bii, moti ukataya njere za dzungu kuseri kwa nyumba umadzakolola. Tinapenga nayo nthaka imeneyo, mudzi wonse. Aliyense nkhwangwa m'manja, aliyense moto. Munda wathu wa kumtunda uja, woyang'ana mtsinje wa Kanyerere, abambo ako anauunga mizere yotsetsereka, yochokera pamwamba kulunjika kumtsinje, ati polima chotsika msana suwawa. Ndinawauza kuti, "A Phiri, mvula ikadzabwera madzi adzathamanga m'mizeremu ngati mumsewu." Iwo anati, "Munda ndi wa kwanu uwu. Mawa mukandipitikitsa, mizere yopingasayo ndidzaisenza pamutu?" Tinaseka tonse awiri, nkhani n'kuthera pomwepo.

Zaka zoyambazo tinakolola mpaka nkhokwe kuchepa. Koma mzere umodzi wa pakati unayamba kuzama. Chaka china inali ngalande yoti mwana n'kudumpha, kenaka chigwembe choti mbuzi ikagweramo sioneka. Tsiku lina, chimanga chili m'mawondo, kunagwa mvula yamkuntho masana, yosakhalitsa n'komwe. Itakata, theka la munda wathu panalibe. Chimanga, adubu, fetereza amene tinali titangothira kumene, dothi lakuda lija, zonse zinatsika n'kukakwirira dimba la aNabanda kumunsi.

ANabanda iwe wawadziwa ali okalamba, ongoseka ndi ana. Nthawi imeneyo sankaseka. Amuna awo anatsala m'manda ku Zambia, ndipo dimba limenelo ndi limene linkadyetsa ana awo: matimati, repu, nthochi, zimene ankasenza kukagulitsa ku Malowera. M'mawa mwake anatulukira pakhomo pano dengu lili pamutu. Ine ndimayesa atibweretsera ndiwo. Anafika pamene abambo ako anakhala, n'kukhuthula dengu lonse pamapazi pawo. Mchenga wokhawokha.

"Nthaka yanu iyi, a Phiri," anatero. "Yabwera kwanga. Ndakutengerani pang'ono, yotsalayo mukatenge nokha, ili pamwamba pa matimati anga."

Abambo ako anati, "Mayi, mvula sindigwetsa ine."

"Mvula yagwa m'minda ya anthu onse. Nanga bwanji mchenga wabwera wa munda umodzi?"

Nkhani inapita kwa amfumu, ndipo anatiuza kuti tifukule dimbalo ndi kutseka chigwembe. Chilimwe chonse abambo ako anasenza miyala, ine pambuyo pawo, mpaka tsitsi la pakati pamutu kuthothoka. Tekiniko wa zaulimi wochokera ku posto ya boma anatibweretsera mbande za udzu wa vetiva pa njinga, natisonyeza kayezedwe ka mizere yopingasa. Anthu odutsa ankaima n'kumaseka: "A Phiri apenga, akubzala udzu!" Udzu umenewo ndi umene wagwira munda uja mpaka lero. Koma usaganize kuti zonse zinabwerera. Pamwamba paja, pamene umadandaula kuti khasu limangolira pamiyala ndipo kaufiti satha, panali dothi lakuda lofika m'chigongono. Linapita masana amodzi, ndipo ine ndidzafa lisanabwerere.

Ndiye iwe ukafike ku Chiputo, ukapeze munda uli paphiri, ukaunge mizere mmene ukufunira chifukwa si wako? Kumunsi kwa munda umenewo kuli munthu, Boni. Kumundako sindinapiteko koma ndikudziwa kuti aliko, ali ndi dimba lake ndi ana ake, ndipo dengu ali nalo. Komanso tandiyankha: ana amene mudzabereke ndi Tereza adzalima kuti? Si munda womwewo? Ukati si wako, ukunena kuti ana akowo adzakhala a yani? Mizere ipingase phiri. Ndanena, ndipo ndinenanso ndisanamalize kalata ino, chifukwa ndimakudziwa.

Tsopano za madzi. Kasupe wa pa mtengo wa katope, amene wamwa moyo wako wonse, umaganiza kuti wakhala choncho chikhalire. Ayi. Fodya atafika kuno, mwamuna aliyense anafuna chigafa, ndipo mitengo yowongoka bwino inali ya kumutu kwa kasupe. Aliyense ankati, "Ine ndingodula umodzi wokha." Ifenso tinadula wathu umodzi wokhawo. Ng'ombe zinkamwera pomwepo pamene timatunga, kupondaponda mpaka pakhale phala. Chaka china kutatentha, kasupe anayamba kudontha ngati mphuno ya mwana, kenaka zii. Bomba yopopera madzi ya pa sukulu inali itafa kale, ndipo popeza inali ya anthu onse panalibe woikonza. Tinayamba kupita kumtsinje waukulu kukakumba mumchenga. Munthu unkanyamuka kukucha, kubwera dzuwa lili paliwombo, ndi chigubu chimodzi.

Ine ndinali ndi pakati pa iwe, mimba itakula. Tsiku lina pobwera, pa chikweza cha miyala chija, phazi linaterereka. Ndinagwa chammbali, chigubu n'kuphulika, madzi onse n'kumwedwa ndi fumbi ndikuona. Ndinalira madziwo ndisanayambe kulira mimba. Amene anandidzutsa ndi aNabanda omwe aja a mchenga, anandibereka kumsana ngati mwana mpaka kunyumba. Unabadwa masiku asanakwane, kakang'ono ngati botolo la mafuta ophikira, osatha ngakhale kuyamwa. Ndinkakufinyira mkaka pa supuni. Anthu ankabwera kudzakuona n'kutuluka osanena kanthu. Mphamvu zonse ukuyendetsera mota lerozi, panatsala pang'ono kuti zithere pa chikweza chija, chifukwa cha mitengo ya zigafa.

Amayi a m'mudzi muno tinatopa. Tinapita kwa amuna athu kuti tikambirane za kasupe, iwo ati tidzaona tikatha kumanga fodya. Atatha kumanga, ati tidzaona tikagulitsa. Ndiye tinagwirizana kudambo kuti madzi akumwa ndi ophikira tizibweretsa, koma madzi osamba amuna, ayi. Wofuna kusamba atenge chigubu apite yekha. Abambo ako tsiku loyamba anaseka. Kenaka anayamba kufunsa mwaulemu. Kenaka ndinawaona mbandakucha akuzemba ndi chigubu pa njinga, atafunda chitenje changa kuti anzawo asawazindikire, n'kukapeza anzawowo ali komweko pamzere. Lamulungu lisanafike msonkhano unaitanidwa.

Pamsonkhano umenewo ndi pamene tinapangana zimene iwe umaziona ngati zovutitsa: kumutu kwa kasupe sikulowa nkhwangwa, ngakhale ya amfumu; ng'ombe zimwere kumunsi, pamalo pake; m'mphepete mwa mtsinje munthu asiye malo osalima, bango ndi udzu zigwire gombe; bomba ikafa, khomo lililonse liponyepo kanthu. Tinasankha komite, ine ndili momwemo mpaka lero, ndipo ndikuuze zoona, palibe ntchito yotopetsa ngati imeneyo. Anthu amabwera mochedwa. Wina amalankhula za mbuzi yake imene inasowa chaka chatha. Wina amavomera zonse pamsonkhano, mawa lake umamupeza ali ndi nkhwangwa, ati amangofuna mpini. Ndakhala ndikutukwanidwa ndi anthu amene ndinawaphikira pa maliro a amayi awo. Kangapo ndanena kuti ndasiya. Koma kasupe anabwerera, pang'onopang'ono, iwe ukuyamba sukulu, ndipo sanaphwenso. Ndiye ku Chiputo akaitana msonkhano wa madzi kapena wa msipu, upite. Usakati ndine mlendo. Ukakhale kumbuyo, ukamve, ukatope nawo. Tsiku logwira ntchito ukakhale woyamba kufika ndi khasu. Wamva? Upite.

Za moto sindikanafuna kukukumbutsa madzulo a ukwati wako, koma ndikapanda kutero ukachitanso kwa eni. Chaka chathachi ndinagwetsa mapesi onse m'munda n'kuyala, kuti aphimbe nthaka, chinyezi chisamathawe. Msana unandiwawa masiku ambiri. Iwe ndi anzako munafuna mbewa. Machesi kamodzi, mphepo n'kutembenuka. Moto unadya mapesi anga, unadya a anthu oyandikana nafe, n'kuthamangira kunkhalango ya kasupe. Mudzi wonse unatuluka ndi nthambi zaziwisi, aNabanda ndi ndodo yawo ali momwemo, akutsokomola utsi. Tinauzimitsa utanyambita kale timitengo timene ana a sukulu anabzala. Ndipo iwe unabwera ndi chiyani? Timbewa tosakwana ndiwo ya tsiku limodzi, tina titapserera. Ine, amene ndimayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti asatenthe tchire, ndinaimirira pamaso pa komite yanga yomwe kupepesa chifukwa cha mwana wanga wandevu. Anakulamula kubzala mitengo ina ndi kuithirira mpaka mvula. Unathirira masiku angati? Usayankhe. Amene anamaliza ndi mlongo wako, asanapite kusukulu, ndipo sunamuthokoze. Ku Chiputo kulibe mlongo wako, Boni. Kulibe mayi wokaimirira m'malo mwako. Ukakayatsa moto kumeneko, adzangoti mkamwini wa ku Malowera watiotchera minda, ndipo dzina limenelo lidzakhala pa ana ako.

Tifike pa golide wakoyo. Amalume ako a Jasinto ndi mchimwene wanga wa bere limodzi, ndimawakonda, koma ukafuna kuona mathero a nkhaniyi pita ukaime pa dimba lawo. Unali kusukulu ku Fingowe pamene zinkachitika, unangomva mbali yosekesa. Dimba limenelo anawapatsa ndi amayi athu, ndipo linali labwino kuposa langa: nzimbe, nthochi, chimanga chachiwisi chilimwe. Kunabwera anthu okumba golide, ochokera kutali, zilankhulo zosiyanasiyana. Wamkulu wawo anali a Saidi, munthu waulemu, wosaphonya mapemphero ake. Sananame. Ndinalipo ine pamene anawauza amalume ako kuti, "Bambo, tikakumba pano, dimba ili silidzakhalanso dimba. Ganizani bwino."

Amalume ako anati, "Malo ndi anga. Ndaganiza kale."

Ine ndinati, "Achimwene, malo ndi anu, nanga madzi odutsapowa ndi anunso?"

Anandiyang'ana n'kuti, "Iwe Anjelina, komite yakoyo yakuzunguza mutu."

Sipanapite nthawi, Kanyerere anafiira ngati thobwa. Ankatsukira dothi mumtsinje momwemo, ndi mankhwala awo onyezimira aja ogwirira golide. Ukathirira masamba, pabedi pamauma chikhakha ngati waziira. Ng'ombe zinkanunkhiza madzi n'kubwerera. Nsomba zija munkagwira muli ana zinayandama. Namwino wa ku posto anatiuza kuti ana asamwe madzi a kumunsi ngakhale owiritsa. Kenaka ng'ombe yokoka ngolo ya mwana wa aNabanda inagwera m'dzenje la okumbawo, n'kuthyoka miyendo yakutsogolo. Inalira tsiku lonse anthu akuyesa kuitulutsa ndi zingwe, mapeto ake anaiphera momwemo. Mnyamatayo anatsala ndi ng'ombe imodzi, goli n'kumangokhala pakhonde.

M'mawa mwake amayi tinatenga mphasa, ana kumsana, n'kukakhala pamalo pamene ankatsukira dothi. Sitinatukwane, sitinagwire fosholo ya munthu. Tinangokhala. Ena mwa anyamata aja anayamba kulalata, wina mpaka kutola mwala. A Saidi anamuletsa, n'kubwera kudzanjuta patsogolo pathu. Anati, "Amayi, ifenso tili ndi ana kwathu. Sitinabwere kudzamenyana ndi inu. Mukufuna titani?" Tinawauza: mukumbe chitsime chanu chotsukiramo kutali ndi mtsinje, madzi anu asabwerere muno, ndipo dzenje lililonse mukatha mukwirire. Anavomera pamaso pa amfumu. Koma golideyo anali wochepa. Ambiri anangosowa tsiku limodzi, kusiya maenje ali kukamwa yasa. A Saidi ndi anzawo ochepa anatsala n'kukwirira amene anatha, otsalawo tinakwirira tokha, mudzi wonse, amalume ako ali m'nyumba ati mutu ukuwawa.

Mtsinje unayera patapita mvula zingapo. Dimba silinabwerere, monga momwe anawauzira. Ndi milu ya miyala ndi zithaphwi za udzudzu. Mota imene amalume ako anagula ndi ndalama za golide ija waiona, ili kuseri kwa nyumba yopanda matayala, nkhuku zikuikira pansi pake. Masiku ano amabwera kwanga madzulo, kukhala, kucheza za mvula, za tchalitchi, kenaka ponyamuka n'kuti, "Mlongo, kulibe timasamba?" Ndimawapatsa. Koma nthawi iliyonse ndikamathyola, mtima umandiwawa ngati ndiwagende nawo.

Ndakufotokozera zonsezi chifukwa cha chimene Tereza anandiuza tsiku la chinkhoswe, titapita awiri kukatunga madzi. Anati mchimwene wake wayamba kuyenda ndi anthu a golide, ndipo abwera kale kawiri kudzatapa dothi m'mbale kumunsi kwa dimba la amayi ake. Mwanayo ananena maso ali pansi, akuopa. Anati amayi ake sakufuna, koma mchimweneyo ndi wamakani. Kaya iwe sukudziwa, kaya ukudziwa koma wangokhala chete poganiza kuti upezapo mota yatsopano, sindikudziwa, ndipo sindikufuna kudziwa lero. Chimene ndikukuuza n'chakuti mlamu wakoyo adzakufuna. Adzakugulira chakumwa pa baraka, adzakutcha m'bale, adzati ndinu amuna awiri pakhomo, mugwirizane. Tsiku limenelo ukaime kumbali ya mkazi wako ndi apongozi ako. Akadzatha golide, mlamu wako adzakwera kamiyao, lole ija, kupita ku Tete kapena kukakwatira kwina. Wotsala pa miyalapo ndi Tereza, ndi iwe, ndi ana.

Sindikuti kukumba golide ndi tchimo. Anyamata ambiri a kuno apita ku Fingowe, ena abwerako ndi malata, ena abwerako ndi chifuwa, mmodzi sanabwereko ndipo amayi ake umawadziwa. Uli ndi ndevu, sindingakumange mwendo. Ukafuna kupita chilimwe, ukambirane ndi mkazi wako, ndipo ubwerere mvula isanagwe, munda usasoswe ndi mkazi yekha. Koma usakatengere anthuwo kumtsinje umene anthu amamwa. Ndipo usamanene kuti "zikakanika ndipita," chifukwa munthu amene phazi limodzi lili kale pamsewu salima bwino. Amangokanda pamwamba n'kumayembekezera kuti zikanike.

Tsono usakachitenso mbali inayi, chifukwa nayonso ndimakudziwa. Usakafike ndi pakamwa, kumauza apongozi ako kuti kwathu timachita chakuti, mama anati chakuti. Palibe amene amafuna kuphunzitsidwa ulimi ndi mkamwini wa dzulo. Iwo akhala paphiri limenelo zaka zambiri, akudziwa kumene madzi amadzera, kumene chiswe chimavuta, mbewu imene imalola. Funsa kaye. Mvula yoyamba ikagwa, usathawire m'nyumba, vala thumba kumutu ukayende m'munda, ukaone kumene madzi akuthamangira. Chigawo chimene akupatse, chikonze mwakachetechete: mizere yopingasa, udzu m'malire, mapesi osatentha, nandolo pakati pa chimanga, manyowa a m'khola osawasiya kuti angoola pakhomo. Akaseka, asiye aseke. Chikakuvuta, uza Tereza, iye akauze amayi ake, amayi akewo adziwa polowera. Mawu a mkamwini amayenda bwino akadzera kwa mkazi. Abambo ako zinawatengera zaka kuti adziwe zimenezi, koma lero kukakhala mlandu wa malire kapena wa ngalande, amfumu amatuma mwana kudzawaitana, mkamwini yemwe uja.

Pakhomo la nkhokwe ndaika thumba lonyowa. Muli mbande za vetiva, ndazula m'mawa uno m'munda wa kumtunda. Mulinso kathumba ka nandolo ndi ka nseula zofiira zimene umakonda. Thumbalo usaliike padzuwa, usalikhalire pa mota, ndipo usalisiye pa baraka pamene muime kumwa. Ukafika ulivundukule pamthunzi, mbandezo uzikwirire pamalo a chinyezi pafupi ndi madzi, uzithirire iwe mwini, osati Tereza, mpaka mvula. Ndikudziwa kuti uchita manyazi kufika kwa apongozi ndi thumba la udzu anzako atanyamula masutukesi. Chita manyazi, koma ulinyamule. Ndikadzuka mawa n'kulipeza lili pomwepo, ndilipereka kwa woyendetsa kamiyao aliyense wopita kumeneko, alitsitse pakati pa mudzi n'kufuula dzina lako.

Mizere ipingase phiri. Machesi akhale a kukhitchini. Msonkhano ukaitanidwa, upite. Mlamu wako umukane. Ndabwereza dala, chifukwa iwe chinthu chonena kamodzi chimangodutsa.

Usaganize kuti ndalemba chifukwa ndakuda. Ndatopa nawe, inde, koma ndinakuona chaka chija mvula inagumula mlambala wa kumunsi abambo ako akudwala. Palibe anakutuma. Unatuluka wekha ndi khasu, mvula ikukumenya, n'kutseka. Unabwera matope mpaka m'makutu, n'kudya osadzitama. Mnyamata ameneyo alipo mwa iwe, amangobisala kuseri kwa phokoso. Ndi amene ndikufuna apite ku Chiputo mawa. Winayo, woseka chakudya chili m'kamwa, atsale konkuno, ndizilimbana naye ndekha.

Njira ya kwanuko mvula ikayamba sipitika, ndiye sitionana mpaka madzi ataphwa m'mitsinje. Ikadzatseguka ndidzabwera, kaya pa njinga ya abambo ako kaya wapansi. Musadzandiphere nkhuku, musadzabwereke mipando. Ndikadzafika, ndisanalowe m'nyumba, udzatenge kapu upite kumtsinje wa kumunsi kwa munda wanu, ukatunge wekha, osasefa, osadikira kuti adikhe. Udzandipatse pamaso pa apongozi ako. Ndayenda ulendo wonsewo ndidzakhala ndi ludzu, Boni, ndipo ndikufuna ndidzamwe mpaka pansi.

Mulungu akutsogolere, iwe ndi Tereza.

Ndine mayi ako,
Anjelina